Walira makina otchetchera walira magalasi ndi jombo

Mvula ikakhazikika m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, udzu m'boma la Lilongwe sufunsa mwini malo. Umamera pa bwalo la sukulu, kumanda, kuseri kwa tchalitchi ndi m'mbali mwa msewu, mpaka wa njinga akafika pa gulaye saonanso amene akubwera kutsogolo. Kale ntchito yothana ndi udzu umenewu inali ya chikwakwa ndi msana wa munthu. Masiku ano kwabwera kulira kwina, kokhala ngati njinga yamoto yomwe yakana kuchoka pamalo amodzi. Amenewa ndi makina otchetchera udzu oyendera petulo, omwe eni mashopu m'tauni amawatchula kuti brush cutter. Poyamba tinkawaona m'mayadi a mabwana ku Area 10 ndi Area 43, koma tsopano akumveka ku Namitete, ku Nsaru, ku Mpingu, kwa Kabudula, ku Nambuma ngakhalenso ku Chiwamba kwa Mfumu Yaikulu Chimutu.

Ndinene poyambirira pomwe kuti ine sindidana nawo makinawa, iyayi. Aliyense amene anaphunzira sukulu ya boma m'dziko muno akudziwa kuwawa kwa chikwakwa: matuza m'manja, msana kuphwanya, phunziro la masamu kudutsa iwe uli kubwalo la mpira ukulimbana ndi udzu chifukwa unachedwa ndi mphindi zisanu. Malo amene kalasi yonse ya Fomu 2 imathera masana athunthu, mnyamata mmodzi wodziwa makina amawamaliza yekha n'kupita kwina kukafuna ganyu yachiwiri. Pamene achinyamata athu ambiri ali ndi masatifiketi m'sutikesi koma ntchito palibe, chipangizo chilichonse chomwe chingampatse munthu ya sopo ndi ufa tiyenera kuchilandira ndi manja awiri. Dandaulo langa ndi lakuti makinawa tikuwagula theka. Tikutenga injini ndi mpini wake, koma magalasi, jombo, zotseka m'makutu ndi nzeru zoyendetsera tikuzisiya pa kauntala. Akulu-akulu anati walira mvula walira matope. Walira makina otchetchera, aliretu ndi zovala zake.

Tiyambe ndi kumvetsa kuti chinthuchi n'chiyani kweni-kweni. Amene anayambitsa kudula udzu ndi chingwe chozungulira ndi George Ballas wa mumzinda wa Houston ku America, m'chaka cha 1971. Nzeruyo anaitenga poona mabulashi ozungulira otsukira galimoto, ndipo poyesera anagwiritsa ntchito chitini ndi chingwe chowedzera nsomba. Chingwe cha nayiloni pachokha n'chofewa, mwana akhoza kuchikulunga pachala. Chimadula udzu chifukwa cha liwiro basi. Mutu wa makinawa umazungulira maulendo oposa 6,000 pa mphindi imodzi, ndiye kuti nsonga ya chingwe kapena ya mpeni wachitsulo imathamanga kuposa makilomita 250 pa ola. Palibe basi ya pa msewu wa M1 yomwe inayamba yafikapo pamenepo. Tsono kamwala kakakumana ndi nsonga imeneyo kamachoka ngati kaponyedwa ndi legeni ya chimphona, ndipo sikasankha kolowera.

N'chifukwa chake makampani odziwika monga Stihl ndi Husqvarna amalemba m'mabuku awo kuti munthu wina aliyense, ngakhale chiweto, atalikire mamita 15 kuchoka pa wotchetcha. Mamita 15 ndi masitepe pafupi-fupi 20 a munthu wamkulu. Tayerekezani lamulo limeneli ndi chikhalidwe chathu. Kwathu kuno chinthu chachilendo chikalira, ana amasiya masewera n'kuthamangira komweko, amayi ochokera kumjigo amaima kaye ndowa ili pamutu, wa njinga amachepetsa liwiro kuti aonereko. Ndiponso malo athu si kapinga wosalala uja wa pa chithunzi cha pa katoni. Pansi pa udzu wathu pamabisala miyala, zidutswa za njerwa, mabotolo osweka ndi misomali ya denga lakale. Chikwakwa chikagunda zimenezi chimangolira kuti ngwee, mwini wake n'kung'ung'udza pang'ono. Makina amazitola n'kuziponya.

Tsiku lina ndikudutsa pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Chiwamba ndinapeza mnyamata akutchetcha bwalo nthawi ya buleki. Kumapazi patapata, kumaso kopanda kanthu, kabudula wolekeza m'mawondo. Chotchinga cha pulasitiki chija chokhala pamwamba pa mutu wa makina anali atachimasula, ati chimakola udzu n'kumamuchedwetsa. Ana anali atamuzungulira, ena atanyonyomala kuti aone bwino, maso awo ali pa mulingo weni-weni umene miyala imadutsa. Nditamufunsa za magalasi anangoseka. "Aaa bwana, ife tinazolowera. Komanso eni makina anangotipatsa chonchi." Mnyamatayo sindimuimba mlandu yekha. Amene anamubwereka makina osamupatsa chovala chilichonse, ndi amene anamulemba ganyu nthawi yoti ana ali panja, onsewo anali atakhala pamthunzi.

Abale anga, diso lilibe sipeya. Mwala ukaboola diso ku Chiwamba, pa chipatala chaching'ono chapomwepo adzapereka thandizo loyamba, koma opaleshoni ya diso ndi ya ku Kamuzu Central Hospital, komwe kuli chipatala cha maso cha Lions, kapena ku Nkhoma. Ndiye ganizirani kuti nthawi yake ndi ya dzinja: misewu ya fumbi yasanduka phala, galimoto zikusowa, wa kabaza wakweza mtengo, m'nkhokwe chimanga chatha. Banja liyambe layendayenda kufuna ngongole, mwana afike kwa dokotala patapita masiku awiri kapena atatu, ndipo pa bala la diso masiku amenewo ndi ambiri zedi. Mukawerengera za ulendo, chakudya cha wodikirira matenda ndi munda womwe wangokhala osapalira, mudzaona kuti magalasi oteteza maso ndi katundu wotsika mtengo kuposa zonse m'nkhani imeneyi.

Chotchinga chomwe anthu akumasulachi ndicho chimabweza miyala kuti isabwerere kwa wogwira makina, ndipo chili ndi kampeni kodulira chingwe kuti chisatalike kupyola muyeso. Chingwe chikatalika injini imalemedwa, imatentha, imamwa petulo wambiri. Wochotsa chotchinga ndiye kuti akudzibera yekha pawiri. Koma choopsa kwambiri ndi luso lathu lija lokonda kupeka. Chingwe cha nayiloni chikatha, ena akumangirira waya wa mabuleki a njinga, ena zidutswa za matcheni. Chitsulo chikamapindika-pindika pa liwiro lotere chimatopa n'kuthothoka, ndipo kachidutswa kake ndi chipolopolo. Izi si nthano ayi. Mu 2010 munthu anafa ku Britain atamenyedwa ndi kachidutswa ka tcheni kochoka pa makina oterewa, ndipo mu 2012 maiko a European Union analetsa kugulitsa mitu ya matcheni imeneyi. Anzathuwo anaikana atalira maliro. Kodi ife tikudikira maliro athu-athu?

Mpeni wachitsulo, uja wa nsonga zitatu, uli ndi ntchito yake: nsenjere, tsekera ndi tchire lokhwima lomwe chingwe sichingathe. Koma m'mawa uliwonse uyenera kuyang'anidwa. Ngati uli ndi mng'alu utayeni, osati kupita nawo kwa wowotcherera, pakuti mpeni wowotcherera sulemeranso mofanana mbali zonse, umagwedeza makina ndipo tsiku lina udzauluka. Nati womangira akhale wothina. Dziwaninso mbali yoopsa ya mpeniwo. Uoneni ngati wotchi yogonekedwa pansi, 12 koloko kutsogolo, 3 koloko kudzanja lamanja. Chigawo cha pakati pa 12 ndi 3 chikagunda chitsa kapena mwala, makina onse amakankhika mwadzidzidzi chakumanja, ndipo ngati kumeneko kuli mwendo wa munthu, nkhani yake ikathera ku chipatala. Odziwa ntchito amadulira mbali ya kumanzere ya mpeni.

Za makutu anthu sazilabadira chifukwa khutu likamafa silituluka magazi. Koma pitani pa chigayo chilichonse mukalankhule ndi bambo amene wakhala akugaya chimanga zaka khumi, muone mmene mukwezere mawu. Phokoso amaliyeza m'madesibelo. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za umoyo wa anthu pantchito, limati munthu asapyole maola 8 pa phokoso la madesibelo 85, ndipo likafika pa 100 malire ake ndi mphindi 15 zokha patsiku. Makina otchetchera ambiri amalira pakati pa 95 ndi 100, injini ili pambali peni-peni pa thupi lako. Mnyamata wathu amakhala nawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Usiku m'makutu mumalira ngati mwalowa nyenje, iye n'kumati zitha zokha. Tsiku lina sizidzatha, ndipo khutu lophedwa ndi phokoso lilibe mankhwala oliukitsa. Thonje kapena mahedifoni a nyimbo si chitetezo, pafunika zotseka m'makutu zeni-zeni.

Manja nawo amalandira zawo. Kunjenjemera kwa makina tsiku lonse kumachititsa dzanzi m'zala, ndipo zaka zikapita kumawononga mitsempha. Chothandiza ndi magolovesi, kupumula pafupi-pafupi, ndi kuvala lamba wa pamapewa kuti kulemera kwa makina kukhale pathupi osati m'mikono mokha. Lambayo akonzedwe moti mutu wa makina uzingoyandama pamwamba pang'ono pa nthaka, munthu osawerama. Thanki ikatha, imeneyo ndiyo nthawi yokhala pansi ndi kumwa madzi, injini nayo ipole. Musaliziremo m'nyumba kapena m'shopu yotseka, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya woipa wopanda fungo womwe umakomola munthu. Ndipo amene wayamba ndi kachasu m'mawa ati kuchotsa ulesi, ameneyo asapatsidwe makina, ngakhale chikwakwa chomwe. Apite akagone.

Tsopano ndilankhule ndi thumba lanu inu a geni, pakuti ndikudziwa kuti pamenepo mumamva msanga. Ambiri mwa makinawa ali ndi injini ya two-stroke, yomwe ilibe malo ake-ake osungira oyilo monga ya galimoto. Oyilo amayenera kusakanizidwa ndi petulo musanathire mu thanki. Mukathira petulo yekha, injini imauma mkati n'kugwira pasanapite nthawi, mpamba wanu n'kuthera pomwepo. Oyilo wake ndi uja wolembedwa 2T, osati wa galimoto, ndiponso osati wakuda uja wokhetsedwa m'minibasi. Muyeso umalembedwa m'buku kapena pa makina pomwepo. Akalemba 50:1, ndiye kuti mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, kapena 100 pa malita 5. Akalemba 40:1 ndi mamililita 25 pa lita, pomwe 25:1, womwe umapezeka pa makina ambiri otsika mtengo, ndi mamililita 40 pa lita. Osayeza ndi maso chonde, sirinji yopanda singano ya ku famase ikwanira. Oyilo akachepa injini imapsa, akachuluka pulagi imada, utsi tolo, mphamvu palibe. Sakanizirani m'chigubu, khutchumulani bwino, kenaka thirani.

Palinso china chapadera ndi petulo wa kwathu kuno. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ethanol inatsegulidwa ku Dwangwa, petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo mu 2004 kunawonjezeka fakitale ina ku Chikwawa. Zimenezi zimatipulumutsira ndalama zakunja, koma ethanol amakoka chinyontho, ndipo akakhalitsa mu thanki amawononga timapaipi ndi timalabala ta mu kabuleta. Choncho sakanizani wongokwanira masiku ochepa, wopitirira mwezi umodzi ngwokayikitsa. Udzu ukauma mu Meyi ndipo mukufuna kusunga makina mpaka mvula ina, khuthulani thanki n'kuliza injini mpaka izime yokha. Ambiri amene amafuula mu Disembala kuti "makina a masiku ano ndi feki" anawagoneka miyezi isanu ndi umodzi mafuta ali m'mimba. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu, amene anachuluka pa nthawi ya kusowa kwa mafuta mu 2022 ndi 2024, sudziwa chomwe chalowamo. Kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo sipeya wa makinawa amachokera kunja.

Pothira mafuta injini ikhale yozima ndi yopola, ndudu ikhale kutali, ndipo polizanso sunthani mamita osachepera 3 kuchoka pomwe munathirira. Petulo asasungidwe m'botolo la zakumwa pomwe ana angafikire, kapena m'nyumba yophikira. M'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, udzu utauma gwaa, mpeni ukagunda mwala umathetheka moto, ndipo paipi ya utsi yotentha ikagonekedwa pa udzu wouma ikhoza kuyatsa tchire. Moto wolusa tili nawo kale wokwanira wa anzathu osaka mbewa, tisawonjezerepo wina.

Nanga kutchetcha kwabwino kumayambira pati? Kumayamba injini isanalire. Yendani malo onse ndodo ili m'manja. Tolani miyala, mabotolo, zitini ndi mawaya, ikani chizindikiro pa zitsa, pa mipope ya madzi ndi pa maenje. Ndodoyo ithandizanso kudzutsa njoka, ndipo maso ayang'ane m'mitengo ngati muli mavu kapena njuchi, pakuti phokoso la injini limaziputa. Mbuzi ndi nkhuku zichoke, galimoto zisunthidwe. Pakhale munthu wachiwiri woima patali, ntchito yake kubweza ana ndi odutsa. Pa sukulu tchetchani Loweruka kapena ana ataweruka, pa msika pewani tsiku la msika. Poliza, makina agone pansi, mutu wake usakhudze kanthu. Injini ikamalira payokha musanakanikize moto, mutu suyenera kuzungulira. Ukamazungulira, pitani kaye kwa makaniko.

Podula, imani miyendo itatalikirana pang'ono, makina kudzanja lamanja, ndipo muzitembenuka ndi chiuno osati kukoka ndi mikono. Yambirani kumanja kupita kumanzere, kuti udzu wodulidwa uzigwera komwe mwadutsa kale. Perekani moto wokwanira musanalowe mu udzu, chifukwa kunyengerera injini kumangokulunga udzu ku mutu wa makina. Chodula ndi nsonga ya chingwe, kotero kukankhira mutu wonse m'tchire n'kungotaya mafuta. Udzu wautali uduleni kawiri, pamwamba kaye kenaka pansi. Pa malo otsetsereka yendani chopingasa. Udzu ukakola, zimitsani injini musanaikeko dzanja, pakuti zala zimapita pa mawu aja akuti "ndingochotsa kamodzi". Madzulo tsukani sefa ya mpweya, fumbi ndiye mdani wa injini, ndipo musaiwale girisi ku mutu. Kuthamanga si kufika.

Pali malo ena amene makinawa sayenera kufikako, ndipo apa ndiyankhenso amene akudandaula kuti alanda ganyu ya amphawi. Dandaulo limeneli lili ndi mutu. Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi ya njala, ndipo ganyu yotchetcha imagula ufa m'mabanja ambiri. Koma wanzeru sachotsa chikwakwa pamudzi. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, nthawi yomweyo udzu ukukula. Chingwe cha nayiloni chikazungulira kamtengo kanthete chimasenda khungwa, kamtengo n'kuuma pang'ono-pang'ono, anthu n'kumanamizira chiswe. Pamenepo pafunika manja ndi khasu. Udzu wofolera nyumba ndi zigafa za fodya, komanso womangira mipanda, ufunika zenga, chifukwa chingwe chimautafuna n'kusiya zinyenyeswa. Kumanda, pa miyala ndi m'mphepete mwa mawindo a kalasi ndi pa chikwakwa. Mwini makina wochenjera amayenda ndi anthu awiri kapena atatu: wotola miyala, wolondera ana ndi wosonkhanitsa udzu. Ganyu siinathe, yangosintha nkhope.

Ndiye udindo ndi wa yani? Ndiyambe ndi inu ogulitsa, a mashopu a hadiweya m'tauni muno ndi kwina konse. Wogula akafunsa kayendetsedwe, yankho lisakhale lija lakuti "ingothirani mafuta, kokani chingwe, basi yadzuka". Buku la m'katoni lili m'Chingerezi, nthawi zina m'Chitchaina, ndipo kawiri-kawiri limatayidwa ndi katoni yomwe. Chingakuvuteni n'chiyani kulemba pepala limodzi m'Chichewa, lonena muyeso wa oyilo, mamita 15 aja ndi zovala zofunika, n'kulifotokopa? Chingakuvuteni n'chiyani kuika magalasi, zotseka m'makutu ndi magolovesi pa mtengo umodzi ndi makina, monga wogulitsa njinga yamoto wanzeru amaperekera chipewa? Mphindi khumi zomuonetsa kasitomala kuseri kwa shopu zidzakubwezerani phindu, chifukwa makina akafa sabata yoyamba mbiri yoipa imagwera shopu yanu, ndipo mudzi wonse umamva. Musamasowetsenso chingwe cha nayiloni ndi oyilo wa 2T. Waya wa mabuleki amalowa pomwe chingwe chasowa.

Achiwiri ndinu ogula makina n'kumabwereketsa anyamata kuti madzulo abweretse ndalama, monga zimakhalira ndi njinga za kabaza. Mukamuikira mnyamata ndalama yokwera yoti apereke patsiku, mafuta ogula yekha, mwamuphunzitsa kuchotsa chotchinga, kuchepetsa oyilo ndi kusapumula. Mapeto ake makina anu omwe ndiwo afe. Chimodzi-modzi inu olemba ganyu, a makomiti a sukulu, akulu-akulu a mipingo, eni malo ogona alendo ndi eni maesiteti. Mukatsitsa mtengo mpaka pansi mukugula changu, ndipo changu pa makinawa chimabala ngozi. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Occupational Safety, Health and Welfare Act, lomwe linaika pa olemba ntchito udindo woonetsetsa kuti antchito awo ndi otetezedwa, ndipo mu 2000 kunabwera lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pantchito. Koma mnyamata wa ganyu ya tsiku limodzi, wopanda kalata iliyonse, adzathamangira kuti ndi diso limodzi? Chomuteteza choyamba ndi chikumbumtima chanu. Akabwera wopanda magalasi ndi jombo mubwezeni, apo ayi mubwerekeni zanu.

Boma ndi mabungwe ake nawo ali ndi gawo. TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 kuti iziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ikhoza kukonza kaphunziro ka masiku awiri kapena atatu ka kayendetsedwe ndi kakonzedwe ka injini zing'ono-zing'ono. Sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete ili pakati pa anthu omwe ndikunenawa. Injini imeneyi ndi ya banja limodzi ndi ya makina ochekera mitengo ndi ya timajenereta tija ta m'magolosale, kotero wophunzirayo sadzasowa chochita udzu ukauma. A Malawi Bureau of Standards ayang'ane mipeni ndi magalasi olowa m'dziko muno, pakuti galasi losweka ndi kamwala koyamba limanamiza wolivala kuti ngwotetezedwa. A Roads Authority, popereka makontirakiti otchetcha m'mbali mwa misewu ngati wa ku Mchinji ndi wa ku Salima, aziyendera n'kuona ngati zovala zafikadi pathupi pa anyamata, ndiponso ngati pali zikwangwani zochenjeza a njinga ndi oyenda pansi.

Ndikudziwa zomwe ena munene. "Kukutentha, jombo ndi ovolosi zitipha." Zoona kukutentha, ndiye yambani m'mamawa, pumulani masana, bwererani chakumadzulo. "Zovalazo n'zodula." Funsani amene anagonapo m'chipatala mwezi wathunthu akuuzeni kuti chodula n'chiti. Buluku lalitali lokhuthala ndi nsapato zolimba zimapezeka pa kaunjika, magalasi eni-eni ndi zotseka m'makutu zili m'mahadiweya momwemo. Magalasi a dzuwa a pa msika si amenewo, amasweka n'kulowa m'diso iwo omwe. Ndiye pali aja amati "tsoka likalemba lalemba". Tisamanamizire Mulungu kapena agogo a kumudzi pa zinthu zimene tachita ndi manja athu. Munthu wamasula chotchinga yekha, wamanga waya yekha, waponda patapata yekha, mawa mwendo ukatupa ati amulodza a neba chifukwa cha nsanje ya makina. Ufiti wake uli pati pamenepa?

Ngozi ikachitika, zimitsani injini kaye. Bala lotuluka magazi lipsinjeni ndi nsalu yoyera ndipo wovulalayo apite ku chipatala tsiku lomwelo, akafunsenso za katemera wa kafumbata, chifukwa chitsulo chomwe chakhala chikugunda dothi chimalowetsa matenda. Osathira dothi, oyilo kapena petulo pabala. Ngati kanthu kalowa n'kuzika m'diso, osatikita, osayesa kukachotsa ndi chikhadabo kapena lilime, osadonthezamo mankhwala a zitsamba, madzi a shuga kapena mkaka wa m'mawere. Phimbani disolo ndi kanthu kosalikanikiza, monga kakapu koyera, n'kunyamuka nthawi yomweyo. Zoti "tione kaye mawa" pa diso sizigwira.

Kwa inu ana a sukulu, makamaka amene mukumaliza Fomu 4 ndi a m'makoleji, musaione ntchito iyi ngati yonyozeka. Anthu atatu mutasonkha, kugula makina ndi zovala zake, n'kuphunzira bwino, mukhoza kugwira masukulu, matchalitchi ndi mayadi a dera lonse dzinja lathunthu. Chimene chidzakusiyanitseni ndi ena n'chakuti inu mumatha kuwerenga buku lija la m'katoni, kuwerengera muyeso wa oyilo, ndi kulemba m'kope ndalama za mafuta, za chingwe ndi zosungira sipeya. Mukapita ku holide kumudzi n'kupeza achimwene anu akutchetcha maso ali pambalambanda, awerengereni bukulo m'Chichewa. Safunsa anadya phula, inde, koma wodziwa amene wangokhala chete naye ali ndi mlandu. Ndipo aphunzitsi, chonde, makinawa asasanduke chibalo chatsopano. Mwana wa pulayimale asawagwire n'komwe.

Pempho langa ndi lapafupi. Wogulitsa asatulutse makina m'shopu opanda magalasi, zotseka m'makutu ndi pepala la Chichewa. Wobwereketsa aphunzitse mnyamata wake ndi kumuikira ndalama yoti akhoza kuipeza osadzipha. Wolemba ganyu asankhe nthawi yoti ana kulibe, ndipo alipire moyenera. Wotchetcha abwezere chotchinga pamalo pake, ataye waya uja, awerenge masitepe 20 asanakoke chingwe cholizira. Udzu tikautchetcha lero umaphukanso mvula ikagwa sabata yamawa, ndipo ganyu yake idzapezekanso chaka chamawa. Koma diso, chala ndi khutu siziphuka. Wakutsina khutu ndi mnansi.